Giza yochotsedwa thermostat: yankho kwa mayi wa ku Mpondasi

Funso: "Ndimakhala ku Mpondasi m'nyumba ya lendi, ndipo m'denga muli giza ya malita 150. Mwezi watha inayamba kumangozima yokha. Kumutu kwake kuli kabatani kofiira, tikakadina inkagwira tsiku limodzi kapena awiri n'kuzimanso. Mnyamata wina wodziwa zamagetsi anabwera, anazulamo thermostat n'kulumikiza mawaya dairekiti. Anati kachipangizoko n'kongovutitsa, ife tizingozimitsa paswichi madzi akatentha. Tsopano pampopi pakumatuluka nthunzi, paipi ina kunja kwa nyumba ikumalavula madzi otentha, mayunitsi nawo sakuchedwa kutha. Ndili ndi ana awiri ang'onoang'ono. Kodi thermostat imagwira ntchito yanji, nanga n'zoona kuti giza ingakhale popanda iyo?"

Mayi, musanapitirize kuwerenga, dzukani mukatsitse breaker ya giza pabokosi la magetsi, ndipo aliyense m'nyumbamo auzidwe kuti asaikwezenso. Masiku ano madzi osamba muzifunditsa pambaula. Giza yanu momwe ililimu ingathe kupsereza mwana, ingathenso kuphulika. Ndagwira ntchito ya magetsi a m'nyumba kwa zaka zambiri m'mbali mwa nyanja muno, ndipo pa zonse zomwe ndimakapeza m'madenga a anthu, palibe chondiopsa kuposa mawaya olumikizidwa modumpha thermostat.

Chimene chimatenthetsa madzi mu giza ndi elementi, mbale wake wa ija ya m'ketulo ya magetsi, kungoti iyi ndi yaikulu. Ndi paipi yopindika yomizidwa m'madzi, mkati mwake muli waya wopyapyala wokutidwa ndi ufa woyera woletsa magetsi kukhudza paipiyo. Magetsi akamadutsa, wayayo amatentha, paipi imatentha, madzi nawo amatentha. Elementi sidziwa china chilichonse. Ilibe moto wapakatikati ngati mbaula yomwe mungaichepetse makala: ikalandira magetsi imakoka mphamvu yake yonse, ikamanidwa imangoti zii. Giza zambiri za malita 150 zimakhala ndi elementi ya 3 kW, kutanthauza kuti ola lililonse lomwe yayaka imadya mayunitsi 3 pamita yanu ya ESCOM, ndipo pa ola lomwelo imakweza kutentha kwa madzi a m'thankimo ndi madigiri pafupifupi 17. Madzi olowa ali pa madigiri 25, monga zimakhalira kuno miyezi yambiri, amafika pa 60 m'maola awiri, mayunitsi 6 atapita. Mukaisiya osaizimitsa, maola anayi ndi theka asanakwane madziwo afika pa madigiri 100, ndipo elementiyo imangopitirirabe.

Woiuza kuti basi pakwana ndiye thermostat. Ndi swichi, koma swichi yodziyatsa ndi kudzizimitsa yokha potsata kutentha kwa madzi. Mtundu womwe umapezeka m'giza zambiri ndi wa ndodo: kabokosi ka pulasitiki kokhala ndi manambala ozungulira, kumbuyo kwake kotuluka kandodo kachitsulo kotalika ngati lula ya mwana wasukulu kapena kucheperapo. Kandodoko kamalowa m'kapaipi kotseka kumapeto, koyandikana ndi elementi, motero kamamva kutentha kwa madzi koma sikanyowa.

Nzeru yake yagona pakuti zitsulo zonse zimatalika zikatentha, koma sizitalika mofanana. Kunja kwa kandodoko ndi mkuwa, womwe umatalika ndithu ukamva moto. Mkati mwake muli kandodo kena ka chitsulo chotchedwa invar, chosakaniza ndi nickel magawo 36 pa 100, chimene Charles Guillaume wa ku Switzerland anachipeza mu 1896. Chitsulo chimenechi kaya kutenthe kaya kuzizire, kutalika kwake sikusintha kwenikweni. Ziwirizi n'zomangirirana kunsonga. Madzi akamatentha, mkuwa umatalika n'kumakoka invar uja pang'onopang'ono, kuyenda kwake kochepa kosaoneka ndi maso, mpaka m'kabokosi muja timano tiwiri tomwe tinagundana timalekana, thapu! Magetsi aduka, elementi yazima. Wina akatsegula shawa, madzi ozizira amalowa pansi pa thanki, mkuwa umabwerera, timanoto timagundananso, elementi yayaka. Nambala yomwe mwalozetsa pakabokosi imangosankha kuti timanoto tilekane pa madigiri angati. Pakati pa pozimira ndi poyakiranso pamakhala madigiri angapo, ndipo anachita kupangira dala kuti timanoto tisamangophethira mphindi iliyonse, chifukwa tikanapsa msanga. Zilipo thermostat zina za timadzi tofufuma m'kachubu, zina za manambala owala pagalasi, koma ntchito ndi yomweyi.

Apa ndiwongoleko chinthu chomwe ndimachimva kawirikawiri. Anthu amapotokola nambala kufika kumapeto poganiza kuti madzi atentha msanga. Satentha msanga. Elementi ya 3 kW ndi ya 3 kW basi, kaya mwaika pa 50 kaya pa 70. Chomwe mwasintha n'chakuti ichedwe kuzima.

Tsopano kabatani kofiira kaja. Opanga giza amadziwa kuti thermostat tsiku lina idzatopa. Timano take timadula ndi kulumikiza magetsi a ma amp 13 kangapo patsiku, chaka ndi chaka, ndipo nthawi iliyonse pamathetheka kamoto. M'kupita kwa nthawi timakumbika, timada, ndipo tsiku lina timamatana ngati tawotcheredwa, osalekananso ngakhale madzi atenthe chotani. Pachifukwa chimenechi anaikamo mlonda wachiwiri, yemwe amangokhala phee mpaka madzi atadutsa malire, cha m'ma 80 kapena 90 kutengera mtundu wa giza. Zikafika pamenepo amadula magetsi, ndipo sadziyatsanso yekha, amadikira munthu adzadine. Cholinga chake n'choti munthuyo adzifunse kuti chavuta n'chiyani. Ndiye pamene kabatani kanu kankatuluka tsiku ndi tsiku, sikanali kovutitsa ayi. Kankanena zoona, kuti m'gizamo muli chinthu chomwe chikutentha mopitirira muyeso.

Chinali chiyani? Sindinaione giza yanu, koma momwe mwafotokozeramu, zoyamba kuziganizira ndi zitatu. Mwina timano tija tinayamba kumamatana mwa apo ndi apo, lero talekana, mawa takana. Mwina pomwe mawaya kapena mapini a thermostat amalowa panakhwefuka: polumikiza pokhwefuka pamatentha pokha, kutenthako kumakwera m'kabokosi n'kugwetsa kabatani ngakhale madzi ali bwinobwino, ndipo mukavundukula mumapeza pulasitiki yofiirira kapena yosungunuka, ikununkha chopserera. Chachitatu ndi makoko oyera aja mumawaona pansi pa ketulo. Madzi a m'mijigo ndi m'zitsime zina za kuno ku Mangochi ali ndi mchere ndi laimu wambiri, ndipo akamatenthedwa amasiya makoko pa elementi ndi pa kapaipi ka thermostat. Makokowo akakhuthala amakhala ngati bulangete, thermostat imamva kutentha mochedwa, elementi nayo imapsa ndi moto wake womwe chifukwa ukulephera kutulukira m'madzi. Giza yolira ngati mphika wa chimanga chokazinga ikamatenthetsa nthawi zambiri imakhala ndi vuto limeneli. Kwa omwe ali ndi giza ya sola yokhala ndi elementi yothandizira pali chinanso: thermostat ilibe mphamvu pa dzuwa, ndipo dzuwa la Okutobala lokha limatha kutenthetsa madzi mpaka kugwetsa kabataniko. Zonsezi zimakonzeka, ndipo palibe ngakhale chimodzi chomwe mankhwala ake ndi kuchotsa thermostat.

Pa giza zambiri thermostat ndi kabatani kofiira zimakhala m'kabokosi kamodzi. Choncho mnyamata uja pozula, anachotsa alonda awiri nthawi imodzi. Watsala mmodzi yekha, valavu ya chitetezo yomwe imakhala pathupi pa thanki, chakumwamba. Imeneyi imatseguka madzi akayandikira kuwira kapena akapanikizana kwambiri, n'kuwatayira kunja. Paipi yomwe ikulavula madzi otentha kunja kwa nyumba yanu ndi imeneyo, ndipo ndi yomwe yakusungani mpaka lero. Anthu ena akaona paipi yotere ikutaya madzi amaitseka ndi chitsekerero kapena kuipinda n'kuimanga ndi mphira, poopa bilu ya madzi. Chonde, wina asayerekeze kutero panyumba panu.

Ndifotokoze chifukwa chake. M'mphika wosavundikira madzi amawira pa madigiri 100 n'kuthera pomwepo. M'thanki yotsekeka, momwe madzi ali opanikizika, sawira pa 100. Giza yopangidwira kupirira kupanikizika kwa madzi kwa mlingo wa 400 kPa ingathe kusunga madzi mpaka madigiri pafupifupi 150 asanawire. Thanki ikang'ambika pamsoko madzi ali otero, gawo lina limasanduka nthunzi m'kuphethira kwa diso, ndipo nthunzi imafuna malo ochuluka kuposa madzi ake nthawi zoposa 1,600. N'chifukwa chake giza yophulika imasasula denga ndi kugwetsa khoma. Ngati yanu ndi ya mtundu wolandira madzi kuchokera ku thanki ya pansanja, yokhala ndi paipi yopumira yotseguka pamwamba, kuphulika n'kovutirapo, koma madzi owira amasefukira m'siling'i, amafewetsa mapaipi a pulasitiki, ndipo pansi pa siling'iyo ndi pomwe ana amagona.

Kunena kuti muzizimitsa nokha paswichi n'kukusenzetsani katundu yemwe munthu sangamuthe. Taganizani: mwayatsa giza cha m'ma 5 koloko madzulo, magetsi athima pa hafu 5, mwaphika pamakala, mwadya, mwagona, swichi ija ikadali yoyatsa. Magetsi abwera 11 koloko usiku. Pofika 4 koloko m'bandakucha madzi aja adutsa kale madigiri 100, inu muli m'tulo. Ndiye pali maliro obwera mwadzidzidzi, pali mwana wodwala wothamangira naye kuchipatala, pali mlendo wosadziwa lamulo la panyumba. Thermostat anaipangira nthawi ngati zimenezi.

Mayunitsi akutha chifukwa elementi yomwe inkayaka maola awiri kapena atatu patsiku tsopano ikuyaka nthawi yonse yomwe swichi ili yoyatsa, ndipo madzi omwe mwawalipirira kutenthetsa akukathera pansi kudzera pa valavu ija, ozizira n'kumalowa m'malo mwake kuti nawonso atenthedwe.

Thermostat yatsopano ikaikidwa, iikidwe pa 60. Nambala imeneyi ndimaiumirira, ndipo ndili ndi zifukwa za mbali zonse ziwiri. Mukapitirira 60, makoko aja amachuluka msanga, kutentha kothawa m'thanki kumachuluka, ndipo ngozi ya kupsa imakula. Mukatsika kufika cha m'ma 40, monga ena amachitira pofuna kusunga mayunitsi, mwakonzera malo tizilombo totchedwa Legionella. Timeneti timaswana m'madzi ofunda a pakati pa madigiri 20 ndi 45, makamaka ongokhala osayenda, ndipo timafa madzi akafika pa 60. Munthu amatitenga popuma timadontho ta madzi touluka, monga ta m'shawa, ndipo timayambitsa chibayo choopsa, makamaka kwa okalamba, osuta fodya ndi omwe chitetezo cha m'thupi mwawo n'chotsika. Dzinali linachokera ku mliri womwe unagwa mu 1976 mumzinda wa Philadelphia ku America, pamsonkhano wa asilikali akale a bungwe la American Legion.

Nkhani ya tizilomboyi ife a kunyanja isatipite. M'denga la malata mwezi wa Okutobala ndi Novembala mumatentha kotero kuti giza yozimitsidwa imakhala ndi madzi ofunda tsiku lonse, ofunda mwa mlingo womwe tizilomboto timakonda. Nyumba zogona alendo ndi zopumulirako za ku Nkopola, Makawa mpaka Monkey Bay zina zimatha milungu osalowamo munthu. Giza yotere, anthu asanayambe kusamba, iyatsidwe mpaka thermostat izime yokha pa 60, kenaka mipopi ndi shawa zitsegulidwe madzi akale atuluke.

Koma pa 60 pomwepo madzi amapsereza khungu m'masekondi ochepa, ndipo khungu la mwana n'lopyapyala kuposa lathu. Pokonzera ana madzi, yambani kuthira ozizira m'bafa kapena m'beseni, otentha pambuyo, muyese ndi chigongono musanamuikemo mwana. Ngati eni nyumba angalole, pulambala angathe kuika valavu yosakaniza madzi potulukira pa giza, kuti m'thanki akhale pa 60 koma ofika kubafa akhale ocheperapo mphamvu. Panyumba ya ana ang'ono ndimailimbikitsa kwambiri.

Mwina mufunsa ngati kuzimitsa giza masana kumapulumutsa mayunitsi. Kumapulumutsa, koma osati kwambiri monga anthu amaganizira. Giza ya thermostat yabwino siyaka tsiku lonse ngakhale swichi ikhale yoyatsa. Imangobwezera kutentha komwe kwathawa kudzera m'khoma la thanki ndi m'mapaipi, komwe pa giza ya malita 150 kumakhala cha m'mayunitsi awiri patsiku, ndipo m'denga lotentha la kuno kumacheperako. Mbali yaikulu ya ndalama imapita pa madzi otentha omwe mwagwiritsa ntchito: shawa yaitali, kuchapa ndi madzi a giza, mpopi wotentha wodontha usiku wonse. Miyezi ya Juni ndi Julaye, mwera ukamaomba, mayunitsi amakwera chifukwa madzi olowa amakhala ozizirirapo ndipo aliyense amafuna osamba otentha. Kuika timer yoyatsa giza maola awiri anthu asanasambe n'kwabwino, kukuta mapaipi otentha n'kwabwinonso. Kunena zoona, kuno kwathu miyezi ingapo pachaka giza mungathe kungoipumitsa. Koma timer imawerenga nthawi, simva kutentha, choncho imaikidwa pamodzi ndi thermostat, osati m'malo mwake.

Auzeni eni nyumba lero lomwe, ndipo muwauze zonse, kuphatikizapo zoti mawaya analumikizidwa dairekiti. Giza ndi yawo, denga ndi lawo, ndipo thermostat mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi giza yatsopano. Wobwera kudzakonza akhale wa magetsi wokhala ndi chiphaso chochokera ku MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Musachite manyazi kumufunsa.

Kuti mudziwe ngati ntchito ikugwirika bwino, nazi zomwe muyenera kumuona akuchita. Azimitse breaker ndi kuyeza ndi mita yake kuti magetsi palibedi asanagwire waya. Thermostat imasololoka popanda kukhutula madzi, poti kapaipi kake n'kouma. Yatsopanoyo ikhale yotalika mofanana ndi yakale, yokhoza kunyamula ma amp 16 kapena 20, yokhala ndi kabatani kake ka chitetezo, ndipo ilowe mpaka kumapeto. Ayeze elementi: ya 3 kW yabwino imaonetsa ma ohm 17 kapena 18 pamita yake yoyezera, ndipo pasakhale njira ya magetsi pakati pa mapini ake ndi thupi la giza. Poti yanuyo yazunzika milungu ingapo, ndikanakonda aitulutse aione, achotse makoko, aonenso anode, ndodo ya m'kati yomwe imadyeka m'malo mwa thanki kuti thanki isachite dzimbiri. Kutulutsa elementi kumafuna kukhutula madzi. Mawaya opserera adulidwe n'kulumikizidwa mwatsopano zolimba, waya wa earth akhale womangika pathupi pa giza, chivundikiro chibwezeredwe. Valavu ya chitetezo yomwe yakhala ikutseguka ndi madzi owira nthawi zambiri sitsekanso bwino, ndiye ndi bwino kuisintha. Musaisokoneze ndi kapaipi kena komwe kamadontha pang'ono giza ikamatenthetsa. Kameneko n'kabwinobwino, chifukwa madzi akatentha amafufuma, ndipo pa thanki yonse amatha kutaya malita awiri.

Chomaliza pa ntchitoyo, ndipo ichi muchisunge ngakhale wokonza atapita: elementi isayatsidwe thanki isanadzaze. Atsegule mpopi wa madzi otentha mpaka mpweya wonse utatha, madzi akuyenda osadukiza, ndiye akweze breaker. Elementi yoyaka pouma imapsa m'kanthawi kochepa, ndipo thermostat siingaipulumutse, chifukwa imamva madzi, osati elementi. Choncho madzi akasiya kutuluka m'mipopi kwa nthawi yaitali, zimitsani giza mpaka atabwera.

Wokonza akachoka, yeserani nokha. Zimitsani zina zonse zodya magetsi kwambiri, muyatse giza madzi ali ozizira, mupite pamita. Kanyali kofiira kapamita kaziphethira mofulumira. Lembani mayunitsi omwe alipo. Pakatha maola awiri kapena awiri ndi theka, popanda wina kukhudza swichi kapena kutsegula mpopi, kanyaliko kabwerere pa kuphethira kwake kwa pang'onopang'ono, mayunitsi atatsika ndi 6 kapena 7. Zikatero thermostat ikugwira ntchito. Ngati maola atatu adutsa kanyali kakuthamangabe, tsitsani breaker mumuitanenso. Ndipo kabatani kofiira kakadzatulukanso tsiku lina, musakadine nokha, pakuti pansi pa chivundikirocho pali mawaya amoyo. Zimitsani giza, muitane wa magetsi adzafufuze chomwe chakagwetsa.